Ndinatsitsa galimoto yampikisano, bwanji tsopano ikuchedwa?

Funso: Amakaniko, ine ndimakhala ku South Bend, ku Indiana, m'dziko la America. Chaka chatha ndinayamba nawo autocross, mpikisano uja timathamangitsa galimoto imodziimodzi pabwalo lalikulu, kuzemba makoni apulasitiki, wotchi ikuwerenga. Ndili ndi Mazda Miata ya 1999. Mwezi watha ndinamanga ndekha pakhomo ma coilover, ma shock aja ovala sipuling'i amene umatha kukwezera kapena kutsitsira galimoto. Ndinatsitsa galimoto mpaka mazinga kutha, n'kulimbitsa ma shock onse anayi mpaka pothera. Tsopano kumbuyo kukuterereka pakona iliyonse, ikaponda pokumbika ikunjanja, ndipo anzanga amene ndinkawaposa akundisiya ndi masekondi awiri. Kodi ndinagula zachabechabe?
Wowerenga wa ku South Bend

Yankho: Achimwene, musataye zipangizozo, vuto lili pa katcheredwe. Ndaona anyamata ambiri akuyesa kuti galimoto yogwada ndi youma gwa ndiyo yaliwiro. Chimene chimakhotetsa galimoto ndi tayala logwira pansi, ndipo zimene mwachitazi zikulichotsa pansipo.

Yambani ndi kuikweza. Miata ya zaka zimenezo, kuyambira ya 1990 mpaka ya 2005, ili ndi mpata wochepa woti shock yakumbuyo iyendemo. Mukaitsitsa kwambiri, galimoto imakakhala pa kamphira kotchinga kumapeto kwa shock, kaja amati bump stop. Pakona, m'malo moti sipuling'i inyamule katundu pang'onopang'ono, kamphirako kamagunda mwadzidzidzi, tayala lakumbuyo n'kutaya pansi. Kuterereka mukunenako n'kumeneko. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, muyeze kuchoka pakati pa wilo kufika m'mphepete mwa madigadi. Yambirani pa mainchi 12.5 kutsogolo, kumbuyo kukwereko pang'ono. Ndiponso mangani kachingwe kapulasitiki pa ndodo ya shock musanathamange. Mukabwerera n'kupeza kakankhidwira mpaka ku kamphira kaja, dziwani kuti mpata ukadali wochepa.

Pali funso limene ndikadakufunsani tikadakhala pamodzi pansi pa galimotoyo: mabawuti a mikono yogwira mawilo munawalimbitsa galimoto ili pa jeke? Ambiri amatero, chifukwa m'pamene sipanala imalowa bwino. Koma mabushi amphira amagwira pamene mwawamangira. Mukamanga mawilo akulendewera, potsitsa galimoto mphira umapotoka, n'kumalimbana ndi sipuling'i mpaka kung'ambika. Mabushi ong'ambika chotere ndachotsapo ambiri, ena osatha n'chaka chomwe. Masulani, muikhazike galimoto pa matayala ake, muigwedeze kangapo, kenako mulimbitse.

Mukatero pitani nayo ku alignment. Kusintha msinkhu kumasokoneza kaimidwe ka mawilo onse, ndipo m'kalata mwanu simunatchule kuti munapitako. Auzeni akupatseni camber ya madigiri pafupifupi 2, mawilo opendekera mkati chakumwamba, toe (kuloza kwa mawilo mkati kapena kunja ukawayang'ana kuchokera pamwamba) ya ziro kutsogolo, kumbuyo yoloza mkati pang'ono chabe.

Phindu lenileni la ma coilover lili pa masikelo. Galimoto imaikidwa pa masikelo anayi, inu muli pampando wa dalaivala, mafuta ali monga mumathamangira nawo, sway bar (chitsulo cholumikiza mbali yakumanzere ndi yakumanja, chochepetsa kupendekeka pakona) itamasulidwa mbali imodzi. Kulemera kwa wilo lakutsogolo kumanzere kuphatikiza lakumbuyo kumanja kukhale theka la kulemera konse, 50 peresenti. Zikapanda kutero, galimoto imakhala ngati tebulo la mwendo umodzi waufupi: mbali imodzi ikhota bwino, mbali inayo ivuta. Pabwalo la autocross, pomwe mumakhotera uku ndi uku mosalekeza, zimenezi zimadya nthawi. Funsani ku gulu limene mumathamanga nalo, nthawi zambiri pamakhala wina amene ali ndi masikelowa.

Ma shock abwezereni pakati. Werengani kuti kachitsulo kotcherera kamalira kangati kuchoka kofewa kufika kolimba, muyambire pa theka. Kumbuyo kukamatsogola polowa pakona, fewetsani kumbuyoko kawiri. Kutsogolo kukamakana kukhota, fewetsani kutsogolo. Koma chonde, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, n'kulemba m'kope pamodzi ndi mpweya wa m'matayala ndi nthawi imene mwapeza. Ulendo umodzi umatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndipo patsiku mumapatsidwa maulendo owerengeka. Mukasintha zitatu pakamodzi, mubwerera kunyumba osadziwa chimene chathandiza.

Chinanso muyenera kudziwa ngati mukuthamanga pansi pa malamulo a SCCA, bungwe lija limachititsa mpikisano waukulu ku Lincoln, Nebraska, mwezi wa September. M'gulu la Street amalola kusintha ma shock koma masipuling'i akhale a kufakitale. Ndi ma coilover mwasamukira ku Street Touring, ndiye lembetsani moyenera. Kumeneko mupeza anthu amene akhala zaka akutchera magalimoto awo, ndipo ambiri sakana kukwera nanu. Pemphani mmodzi ayendetse Miata yanuyo ulendo umodzi, inu mutakhala pambali. Akakuposani ndi masekondi atatu m'galimoto yanu yomwe, siyani kaye sipanala, muthere miyezi ikubwerayi pa chiwongolero. Koni imodzi yogundidwa amakuwonjezerani masekondi 2, omwewo mukudandaulawo.