Benz yanu mungathe kuichita sevisi pakhomo, koma giyabokosi isiyeni

Sabata yatha bambo wina wa ku Area 25 ku Lilongwe ananditumizira imelo iyi:

"Ndinaitanitsa Mercedes-Benz C200 Kompressor ya 2009 kuchokera ku Japan, inalowera pa Songwe. Tsopano pa dashibodi yayamba kulemba kuti Service B yakwana. Mtengo umene andiuza kugalaja ndi wa feteleza wa munda wonse. Corolla yanga yakale ndinkaisintha ndekha oyilo. Kodi iyi ndingaiyerekeze, kapena ndiiwononga?"

Achimwene, iyerekezeni. Ngati munkatha kugona pansi pa Corolla, manja amenewo ndi okwanira. Nyenyezi ya pa boneti ija isakuopsezeni, pansi pake pali injini yofuna oyilo, mpweya woyera ndi moto wa mapulagi basi, ngati ina iliyonse. Pamene pali kusiyana ndi apa: Corolla imakhululuka. Muithire oyilo wa m'chigubu chosadziwika, mumange bawuti mongoyerekeza, iyo imangopita. Benz sikhululuka, ndipo sikuti imakalipa tsiku lomwelo ayi. Imasunga mangawa, n'kudzakulipiritsani patatha chaka.

Tiyambe ndi zimene yalembazo. Galimoto yanuyo ndi ya mtundu wa W204, umene unapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2014, ndipo injini yake ndi M271 ya malita 1.8. Kompyuta yake imawerenga masiku ndi makilomita, n'kumakuitanirani sevisi yaing'ono ndi yaikulu mosinthanasinthana, A kenako B. Mu A mumasintha oyilo ndi fyuluta yake, n'kuyang'ana mabuleki, matayala, magetsi ndi madzi onse. B ndi zomwezo, kuwonjezapo fyuluta ya mpweya wa m'kati mokhala anthu ndi kuyendera galimoto yonse mofatsa. Zina zimayendera nthawi yakeyake: buleki fuluwidi pa zaka ziwiri zilizonse, mapulagi, fyuluta ya mpweya wa injini, oyilo wa giyabokosi.

Koma kompyutayo inaphunzitsidwa misewu ya kwina. Ku Ulaya galimoto zimenezi amazilola kufika makilomita 25,000 kapena chaka chathunthu oyilo asanasinthidwe. Kumeneko kulibe fumbi la mu Okutobala limene mumalowa nalo ku Area 25, kulibenso kuima pamzere wa petulo injini ikulira. Ine yanga sindidutsitsa makilomita 8,000. Ndiponso poti galimotoyi mwaipeza yoyendapo kale, musakhulupirire kuti mwini wake woyamba anachita zonse. Sevisi yoyambayi muichite ngati palibe chimene chinasinthidwapo.

Nkhani yaikulu ndi oyilo, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Musagule poyang'ana dzina la kampani kapena kukongola kwa chigubu. Chitembenuzeni, muwerenge kumbuyo, mufune mawu akuti MB-Approval 229.5. Ameneyo ndi oyilo amene Mercedes inamuyesa n'kumuvomereza pa injini za petulo ngati yanuyi, ndipo kawirikawiri amakhala 5W-40 kapena 0W-40. Zigubu zina zimalemba mochenjera kuti oyilo wake ndi wofanana ndi 229.5, koma kufanana si kuvomerezedwa. Mercedes ili ndi mndandanda wa oyilo ovomerezeka pa intaneti, mungayang'ane dzinalo pafoni muli m'sitolo momwemo. Wina akakuuzani kuti "bwana, kuno n'kotentha, thirani 20W-50 ngati wa minibasi," mum'thokoze n'kutuluka. Oyilo wolemera chotero amachedwa kufika kumtunda kwa injini m'mawa, pamene tcheni ya injini imeneyi imadalira oyilo kuti ikungike msanga. Amene ali ndi ya dizilo yokhala ndi sefa ya utsi, wawo ndi 229.51. Injini yanu imalowa malita pafupifupi 5.5, choncho chigubu chimodzi cha malita 5 sichikwana, mugulenso kabotolo ka lita imodzi.

Fyuluta ya oyilo ili pamwamba, mukangotsegula boneti. Si chitini chomanga ngati cha Corolla, ndi pepala lopindapinda lolowa m'kati mwa chivundikiro chapulasitiki. Gulani ya Mann, Mahle, Hengst kapena Bosch, ndipo muigwire ndi manja musanalipire. Ine ndinapsa nazo kale. Ndinagula ina pasitolo ina m'tauni, katoni yake yokongola, mtengo wake theka la umene ndinazolowera, ndinatuluka ndikuyamika Mulungu. Tsiku loichotsa ndinapeza pepala lija litapotokola ngati nsalu yofinya, guluu atamatuka mbali imodzi, kutanthauza kuti miyezi yonse ija oyilo ankangodutsa osasefedwa. Yeniyeni imakhala yolimba mukaipsinja, mizere ya pepala yofanana bwino, ndipo imabwera ndi mphira zake zatsopano.

Tsopano kukwera pansi pa galimoto. Apa ndilankhula mokalipa, mundikhululukire. Jeke imene ili kubuti ija ndi yosinthira tayala pamsewu, si yoti munthu alowetse mutu pansi. Galimotoyi imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka. Pezani masitandi awiri achitsulo, muimike pasimenti pathyathyathya, osati padothi, ndipo njerwa zowotcha musaziyese n'komwe chifukwa zimaphwanyika mosachenjeza. Pondani buleki yoimikira, pa galimoto iyi ndi ya phazi, muike mitengo kumatayala akumbuyo. M'munsi mwa zitseko muli timphira tinayi, pamenepo ndi pamene jeke imagwira. Mukaika pena mupinda chitsulo.

Injini ikhale yofunda, osati yotentha moti simungaigwire. Masulani kaye chivundikiro cha fyuluta kuti oyilo amene ali m'menemo atsikire pansi. Chotsani pulasitiki yaikulu yotchinga kunsi kwa injini, timabawuti take musunge m'kapu chifukwa timasowa ngati ndalama zachitsulo. Bawuti yotulutsira oyilo ndi ya sipanala 13. Musathamange, musiyeni akhe mpaka adonthe mwa apo ndi apo. Pobwezera ikani washa yatsopano. Mphira za pa chivundikiro cha fyuluta musinthe zonse, muzipake oyilo pang'ono ndi chala, ndipo muonetsetse kuti yaikulu ija yakhala mumzere wake, osati pamwamba pake.

Chida chimodzi chimene ndikukupemphani kuti mugule ndi torque wrench, sipanala ija imalira kuti "tha" mukafika pamlingo umene mwaitchera. Bawuti ya oyilo ndi 30 Nm (Nm ndi muyezo wa mphamvu yomangira, wolembedwa pasipanalapo), chivundikiro cha fyuluta 25 Nm, ndipo nambalayi inalembedwa pachivundikiro pomwepo. Mabawuti a matayala 130 Nm. Ife tinazolowera kumanga mpaka mitsempha ya pakhosi itatuluka, ena kuponderapo ndi phazi. Koma beseni la oyilo la injini imeneyi ndi la aluminiyamu, mukapitiriza mazinga ake amatha, ndiye ntchito ya ola limodzi yasanduka ya sabata.

Thirani malita 5, lizani injini kamphindi, zimitsani, dikirani mphindi zisanu, yezani, kenako muwonjezere pang'onopang'ono. Wopitirira muyezo ndi woipa ngati woperewera. Musanabwezere pulasitiki ya pansi ija suzumirani ngati pali podontha. Enanso amakoka oyilo ndi pampu kudzera m'paipi yoyezera, osalowa pansi n'komwe, ndipo m'magalaja a Benz ambiri amatero. Njirayi ndi yabwino, koma sevisi yoyambayi lowani pansi ndithu kuti muione galimoto yanu kumimba: mphira zong'ambika, mashoko onyowa, paipi zokhuzika ndi mahampu.

Fyuluta ya mpweya wa injini sivuta. Kwathu kuno muziiyang'ana pa sevisi iliyonse, chifukwa mpweya wonse umadutsa mu Kompressor, pampu yokankhira mpweya, usanafike m'injini, ndipo fumbi likalowa limakanda zam'kati mwake. Chizolowezi choipopera mpweya pamalo okonzera matayala n'kuibwezera chisiyeni, mpweya wamphamvu uja umaboola pepala. Fyuluta ya m'kati ili kumapazi a wokhala pampando wakutsogolo, mudzagwada pang'ono. Mapulagi ndi anayi, iliyonse ndi koyilo yake pamwamba. Musinthe injini itazizirira, muyambe kumanga ndi zala kuti mumve ngati yalowa mowongoka, sipanala ibwere pomaliza.

Mapadi a mabuleki pa W204 ndi ntchito wamba, kungoti pali kawaya kodziwitsa kuti atha, kamene kamafunika katsopano ngati nyali inayaka kale. Buleki fuluwidi ndi DOT 4, ndipo chifukwa chomusinthira pa zaka ziwiri n'chakuti amayamwa chinyezi. Madzi amenewo amawira mabuleki akatentha, monga potsika Golomoti galimoto itadzaza, phazi n'kungolowa mpaka pansi. Ntchitoyi imafuna anthu awiri, wina kuponda wina kutsegula, ndipo kabotolo ka pamwamba kasaume ngakhale kamodzi. Ngati simunaichitepo, koyambaka muitane makaniko muonerere. Owerenga amene muli ndi E-Class ya W211 ya pakati pa 2002 ndi 2006, zimene ndanenazi si zanu: mabuleki anu ndi a SBC, oyendera pampu yamagetsi, pampu yake imatha kudzilizira yokha munthu akangotsegula chitseko, n'kukupanani zala. Amafunika kuzimitsidwa kaye mwa njira yake.

Mu radiyeta musathire madzi a pamjigo kapena a pampopi okhaokha. Mankhwala ake ndi a MB-Approval 325.0, osakaniza theka ndi theka ndi madzi aja timathira m'batire.

Pali zinthu ziwiri zimene injini ya M271 imadziwika nazo, ndipo inu mungazione msanga kuposa makaniko amene ali ndi galimoto zisanu zikumudikira. Choyamba, kutsogolo kwa injini kumtunda kuli timaginito tiwiri tozungulira tokhala ndi mapulagi a waya. Zulani mapulagiwo muyang'ane m'kati. Mukapeza oyilo, dziwani kuti akuyenda m'kati mwa mawaya ngati palafini mu chingwe cha koloboyi, ndipo akasiyidwa amakafika mpaka kukompyuta ya injini. Kusintha timaginitoto n'kotchipa poyerekeza ndi kompyuta. Chachiwiri ndi tcheni. M'mawa, galimoto itagona usiku wonse, tsegulani zenera, zimitsani wailesi, muilize. Mukamva phokoso la "gwedegwede" kwa timasekondi tingapo kenako n'kusiya, tcheni yatamuka kapena magiya ake adyeka. Pamenepo musachedwe ndipo musayese nokha. Ikalumpha, mavalavu amagundana ndi mapisitoni.

Giyabokosi nayo ndati muisiye. C200 Kompressor yambiri ili ndi ya magiya asanu, yotchedwa 722.6, yolimba kwambiri ikamasamalidwa. Oyilo wake ndi wa MB-Approval 236.14, wofiira. Vuto ndi muyezo: fakitale sinaikemo ndodo yoyezera, paipi yake inatsekedwa ndi kachivundikiro, ndodo imagulidwa padera, ndipo muyezo woona umawerengedwa oyilo atatentha kufika madigiri 80, injini ikulira. Kalitsiro kochepa kokha kakalowa, magiya amayamba kugunda. Ya magiya 7 ya m'galimoto zotsatira ndiye ilibe n'paipi yomwe, oyilo amalowera pansi ndi pampu. Pezani makaniko wodziwa Benz amene ali ndi kompyuta ya Star, yoyezera galimoto za Mercedes, mugule nokha oyilo, fyuluta ndi gasiketi, mukhale pomwepo akamagwira. Kamakina kotchipa ka OBD2 kolumikiza kufoni mukhale nako, koma kamangowerenga za injini, za giyabokosi ndi mabuleki sikaziona.

Mukamaliza, uthenga wa Service B uja sudzichotsa wokha. Tsekani zitseko ndi boneti, tembenuzani kiyi kamodzi kokha osaliza injini, pa dashibodi pakhale pakuoneka makilomita. Pachiwongolero dinani batani loyankhira foni, nthawi yomweyo dinaninso OK, mugwire onse awiri masekondi angapo. Patuluka mndandanda wa amakaniko, musankhe ASSYST PLUS, mutsimikize kuti sevisi yachitika. Ikakana koyamba musadabwe, zala zimafuna kuzolowera. Koma musafufute musanagwire ntchito. Ogulitsa galimoto ena amangofufuta uthengawu oyilo ali yemwe uja, n'chifukwa chake ndinati mwini woyamba musam'khulupirire.

Gulani kope laling'ono likhale m'galimoto. Muzilemba tsiku, makilomita, dzina la oyilo ndi nambala ya fyuluta, malisiti mumate momwemo. Tsiku logulitsa, wogula adzakufunsani kuti sevisi ankachita ndani, ndipo kopelo lidzakuyankhirani. Kwa abale amene muli ku Joni kapena ku UK ndi galimoto yatsopano imene ikadali pa waranti, werengani kaye pangano lanu musanagwire sipanala. Ya achimwenewa ndi ya 2009, zimenezo zinatha kalekale.

Oyilo wakuda uja mum'thire m'chigubu chimene mwakhuthula, mutseke bwino, mukasiye kugalaja kumene amasonkhanitsa. Musam'taye m'ngalande kapena m'chimbudzi chokumba, makamaka ngati pafupi pali chitsime, ndipo chigubucho chikhale patali ndi ana. Mukatsegula boneti Loweruka likudzali, mundijambulire m'kati mwa mapulagi a timaginito tija munditumizire, ndione ngati ndi mouma.