Kodi injini ya sitima yofiira ya ku London ili pati?

Mmodzi wa owerenga wandilembera imelo ataona chithunzi cha sitima yakale yapansi panthaka ya ku London yotchedwa 1938 Stock, ndipo akufunsa chifukwa chake ili yaifupi chotere, komanso kumene kuli injini yake popeza bogi iliyonse ikuoneka kuti ndi ya anthu okhaokha.

Za msinkhuzo yankho lake n'lapafupi. Ngalande zakuya zimene sitimazi zimadutsamo n'zobulungira ngati paipi, ndipo kukula kwake m'mimba mwake ndi mamita pafupifupi 3.6 basi. Denga la bogi analipinda motsatira ngalandeyo, zitseko nazo zinapindikira kudenga, moti munthu wamtali akaima pakhomo amayenera kuweramitsa mutu. Ngakhale mawilo amatulukira pamwamba pa poponda, n'chifukwa chake mipando ina anaiika motsamira khoma kuti iwabise.

Funso lachiwirilo ndi limene landisangalatsa, chifukwa m'menemo ndi mmene muli luso lonse la sitimayi. Sitima zimene zinalipo kale, zotchedwa Standard Stock, zinali ndi chipinda cha zipangizo zamagetsi kuseri kwa woyendetsa, ndipo chipindacho chinkadya malo aakulu m'bogi iliyonse yokhala ndi mota. Akatswiri otsogoleredwa ndi W. S. Graff-Baker, atayesa kaye pa sitima zochepa za mu 1935, anatsitsira mota ndi zipangizo zonse kunsi kwa poponda. Motero anthu okwera anachuluka popanda kutalikitsa sitima kapena kukumbanso masiteshoni, ntchito imene ikanadya ndalama zosaneneka. Ine ndimaona kuti nzeru imeneyi ikuposa kukongola kwa utoto wofiira umene anthu ambiri amaikumbukira nawo. Magetsi ake, a mphamvu ya mavoti 630, ankachokera m'njanji ziwiri zapadera, ina pakati ndi ina pambali pa njanji zoyendamo mawilo.

Makampani a Metro-Cammell ndi Birmingham Railway Carriage and Wagon anapanga mabogi 1,121, ndipo anayenda makamaka pa njanji za Northern ndi Bakerloo mpaka mu 1988. Ena anawakonzanso n'kuwawolotsera ku chilumba cha Isle of Wight, kum'mwera kwa England, kumene ngalande ya m'tauni ya Ryde inali ndi denga lotsika kwambiri moti sitima wamba sizikanakwanamo. Kumeneko ananyamula anthu pakati pa Ryde ndi Shanklin kuyambira mu 1989 mpaka mu Januwale 2021, ali ndi zaka zoposa 80.