Mafunso Anu: Thandizo la ndalama kwa magulu olimbikitsa mtendere

FUNSO: Ndine mlembi wa gulu la achinyamata a Chikhristu ndi Chisilamu kuno ku Machinga. Timakonza mpira ndi zokambirana kuti tisamaonane ngati adani. Talembera mabungwe kawiri konse kupempha ndalama, koma yankho zii. Tikulakwitsa pati?

YANKHO: Zikomo alembi. Tiyambe ndi mapepala, chifukwa mapulopozo (makalata opempha ndalama za ntchito) ambiri amafera pomwepo asanawerengedwe n'komwe. Gulu lanu likhale ndi satifiketi ya CBO (gulu lothandiza anthu a m'dera) yochokera ku khonsolo, malamulo a gulu olembedwa, maminitsi a misonkhano, komanso akaunti ya kubanki ya m'dzina la gulu. Osayinira akhale atatu, ndipo potapa ndalama pazisayina awiri. Akaunti ya wapampando, ngakhale akhale munthu wokhulupirika chotani, palibe bungwe lingaikemo ndalama. Onjezerani kalata ya ADC (komiti ya chitukuko cha m'dera) ndi ya a T/A. Kulembetsa ku CONGOMA (mgwirizano wa mabungwe omwe si a boma) ndi ku NGORA (nthambi ya boma yoyang'anira mabungwewo) musathamangire: kumeneko kuli ndalama zolipira chaka ndi chaka ndi malipoti omwe gulu laling'ono lingaleme nawo.

Chachiwiri ndi khomo lomwe mukugogoda. Ndalama zikuluzikulu, monga za thumba la United Nations la Peacebuilding Fund, zimadutsira ku nthambi za United Nations monga UNDP, UN Women ndi anzawo, kenaka ku mabungwe omwe ali kale m'maboma. Inu fufuzani bungwe lomwe likugwira ntchito ya mtendere m'boma lanu, mulowe nalo mgwirizano. Ena, monga Tilitonse Foundation, amalengeza akafuna mapulopozo, ndipo amakhala ndi fomu yawo ndi tsiku lotsekera. Kalata yongofika popanda chilengezo imangogona m'failo.

Koma nkhani yagona apa. Magulu ambiri amalemba kuti "tikufuna kulimbikitsa mtendere ndi umodzi". Mawuwa sauza wopereka ndalama kalikonse. Tchulani mkangano weniweni: ndani akulimbana ndi ndani, pa chiyani, kuyambira liti, ndipo amene adayesapo kale kuyanjanitsa adalepherera pati. Mukukumbukira za hijab? Mu 2019 ku Balaka kudabuka ziwawa pa nkhani ya zovala za atsikana achisilamu m'sukulu za mipingo, ndipo bungwe la Public Affairs Committee (PAC) lidakhazika mbali zonse pansi mpaka kusainirana mgwirizano mu 2021. Zidatheka chifukwa nkhaniyo inali yodziwika bwino, komanso PAC, chiyambireni mu 1992, ndi ya Akhristu ndi Asilamu omwe. Komiti yanu ikhale chimodzimodzi. Ngati wapampando, mlembi ndi msungichuma onse ndi a tchalitchi chimodzi, a kumzikiti adzadziona ngati alendo oitanidwa, ndipo owerenga pulopozo amaziona zimenezi pa mndandanda wa mayina pomwepo.

Mpira ndi wabwino, umasonkhanitsa anthu, koma mpikisano ukatha aliyense amabwerera kwawo. Lembani chomwe chidzatsale: mwina komiti ya mbali zonse yomwe idzakumane mwezi uliwonse, kapena mgwirizano wolembedwa wa kagwiritsidwe ntchito ka bwalo kapena mjigo womwe mukulimbiranawo. Ndipo musapikisanitse timu ya Asilamu ndi timu ya Akhristu. Sakanizani osewera, apo ayi ndalama za mtendere zidzakolezera moto. Pokonza ndondomeko pewani Lachisanu masana, Lamulungu m'mawa, Loweruka ngati muli ndi a Seventh Day, ndipo muganizire mwezi wa Ramadan. Mbuzi ya pa chakudya azinge Msilamu. Malo okumanirana akhale a onse, monga sukulu ya boma kapena bwalo la amfumu.

FUNSO: Ndine msungichuma wa gulu la amayi loyanjanitsa midzi iwiri yokanganirana madimba ku Karonga. Gawo loyamba la ndalama tidalandira, koma lachiwiri akulikaniza ati lipoti silidakwane. Ntchito tidagwira ndithu.

YANKHO: Mayi, sitikukayika kuti ntchito mudagwira, koma ku ofesi amakhulupirira pepala. Kwacha iliyonse ikhale ndi umboni wake. Pogula katundu wamtengo, mabungwe ambiri amafuna makoteshoni atatu ndi risiti ya chidindo. Pa msonkhano uliwonse pakhale mndandanda wa obwera, wosonyeza dzina, mudzi ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Kwa inu gawo la mudzi ndilo lofunika koposa, poti ndilo likusonyeza kuti midzi yonse iwiri imabweradi. Wakabaza kapena mayi wogulitsa nkhuni alibe risiti, choncho mulembereni vocha asayine. Mukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani uthengawo ndipo muulembe m'buku tsiku lomwelo.

Chomwe chimagwetsa magulu ambiri ndi kusuntha ndalama mosapempha. Za mayendedwe zatha, ndiye mwatapa pa za maphunziro. Lembani kaye kalata, akuvomereni polemba, osati pa foni. Chimodzimodzi mitengo ikakwera, ngati momwe zidachitikira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023: pemphani kukonzanso bajeti msanga, musadikire lipoti. Kubwereketsa ndalama za pulojekiti kwa mamembala ngati za banki mkhonde, ngakhale zibwezedwe, kumaonekera pa sitetimenti ya kubanki.

Pakadali pano apempheni akulembereni zomwe zikusowa chimodzichimodzi. Pomwe risiti idatayika, fotokozani zoona m'kalata yosayinidwa ndi komiti. Musayerekeze kupangitsa risiti yabodza, chifukwa mabungwewa amauzana.

FUNSO: Kodi komiti ya mtendere ya ku boma imapereka ndalama? Wina pa WhatsApp akuti tilipire kaye kuti atilembetse.

YANKHO: Musalipire. Bungwe loona silipempha ndalama kuti liwerenge pulopozo yanu. Makomiti a mtendere ndi umodzi a m'maboma ali pansi pa Malawi Peace and Unity Commission, yomwe idakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kupewa mikangano ndi kuyanjanitsa okangana. Pitani ku ofesi ya DC mukafunse wapampando wa komitiyo, mumudziwitse za gulu lanu, ndipo mupemphe kalata yokuikirani umboni yoti muziphatikiza ku mapulopozo anu.