Ali ndi pasipoti ya America, nanga akudandaulanso chiyani?

Funso: Ndimaphunzitsa mbiri yakale pasekondale ina kuno ku Zomba. Ndinamva kuti anthu a mtundu wa Chamorro, eni chilumba cha Guam cha m'nyanja ya Pacific, akumenyera ufulu wodzilamulira. Koma si nzika za America kale? Ambirife pasipoti imeneyo timangoilota. Mphunzitsi, Chinamwali.

Yankho: Aphunzitsi, unzika ali nawo ndithu. Anaulandira mu 1950 kudzera mu lamulo lotchedwa Organic Act. Koma munthu wokhala ku Guam savotera pulezidenti, ndipo phungu wawo ku Washington amalankhula koma saponya voti pokhazikitsa malamulo.

Chimene chimawawawa kwambiri n'chakuti pa zonse zimene zawachitikira sanafunsidwepo. Spain inayamba kuwalamulira mu 1668, kenako inapereka chilumbachi kwa America mu 1898 itagonja pankhondo. Japan inachilanda mu 1941, America n'kuchilandanso mu 1944. Nkhondo itatha, asilikali a America anatenga malo ambiri a mabanja, ndipo mpaka lero malo oposa gawo limodzi mwa magawo anayi a chilumbachi ali m'manja mwawo. Inu a ku Zomba, amene agogo anu analima thangata pamaesiteti a azungu panthaka ya makolo awo, ululu umenewu simufunika kuufotokozeredwa.

Nyumba ya malamulo ya Guam inakonza riferendamu yoti eni nthaka okha asankhe chimodzi mwa zitatu: kukhala chigawo chenicheni cha America, kudziimira paokha, kapena kudzilamulira pamgwirizano ndi America. Mkulu wina wobwera, Arnold Davis, anakasuma kuti akusalidwa chifukwa anamukaniza kulembetsa. Khoti linagwirizana naye mu 2017, khoti la apilo linatsimikiza mu 2019, ndipo mu 2020 khoti lalikulu la America linakana kumva nkhaniyi. Voti ija sinachitike.

Ine apa mtima umandipweteka. A Chamorro tsopano sakwana theka la anthu a pachilumba chawo chomwe. Mukati aliyense wokhala kumeneko avote, ndiye kuti amene analandidwa dziko mawu awo amira pakati pa anthu amene anabwera chifukwa cha kulandidwa komweko. Tsankho ndi loipa, sindikutsutsa. Koma funso la riferendamu imeneyi ndi la anthu amene anatsamundidwa, ndipo oyenera kuliyankha ndi iwowo.

Ophunzira anu muwauzenso kuti utsamunda sunathe. Bungwe la United Nations lili ndi mndandanda wa madera 17 amene sanadzilamulirebe, ndipo Guam yakhala pamenepo kuyambira 1946.