Yankho kwa mayi wa kwa Mponda amene mlongo wawo ndi mmonke

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwa Mponda kuno ku Mangochi. Akuti mlongo wawo anapita ku Thailand kukaphunzira, koma kumeneko anameta mpala n'kukhala mmonke wa Chibuda woyendayenda (mwamuna wosiya banja ndi chuma n'kudzipereka pa chipembedzo), ndipo tsopano walemba kuti akubwera, pamene bambo awo alumbira kuti asadzaponde pakhomo. Akufunsa ngati munthu wotere amasamalanso za chibale.

Mayi, tiyambe ndi tsiku la mlongo wanuyo. Amonke oyenda m'nkhalango, amene ku Thailand amawatcha a thudong, amalowa m'mudzi kukangocha, opanda nsapato, mbale ili m'manja. Sapempha ndi pakamwa. Amangoima chete, ndipo agogo amene alawirira kuphika mpunga amatuluka, n'kuvula nsapato zawo, n'kutapira pang'ono m'mbalemo. Pa malamulo 227 amene amatsatira pali loletsa kugwira ndalama ndi lina loletsa kusunga chakudya cha mawa, kotero kuti mmonke sangadye tsiku limenelo ngati sanakumane ndi munthu. Ena mwa amene amamupatsa chakudya amamutsatiranso masana kukamuuza za maliro ndi mikangano ya m'mabanja mwawo.

Mkwiyo wa bambo anu si wachilendo m'chipembedzochi. Mabuku awo amasimba kuti Buddha, amene anayambitsa chipembedzochi, atabwerera kwawo ku Kapilavatthu, bambo ake, mfumu Suddhodana, anachita manyazi kumuona akuyenda ndi mbale khomo ndi khomo. Mdzukulu wawo Rahula, mwana wa Buddha, atalowanso umonke, mfumuyo inadandaula kwambiri, ndipo Buddha anaika lamulo lakuti munthu asalandiridwe popanda chilolezo cha makolo. (Mufufuze mofatsa kunyumbako, chifukwa mwina mayi anu anavomera mwakachetechete.) Mmonke amaloledwanso kugawira makolo ake chakudya cha m'mbale mwake, ndiye chibale sachikana ayi.

Ine ndikuona kuti chimene chawawa kwambiri pabanja panu si nsalu ya umonke imene wavala, koma kuti amene akanakhala mwini mbumba, woyang'anira inu ndi ana anu, wasanduka munthu wopanda ngakhale tambala. Choncho musayambire kwa bambo. Pitani kwa amalume anu, muwafotokozere zonse, ndipo iwo ndiwo akagwirizane ndi bambowo za tsiku lokhala pansi.

Musamuyembekezere pakati pa July ndi October, pakuti miyezi itatu ya mvula ya kumeneko amonke amakhala malo amodzi. Akafika musamukumbatire kapena kumupatsa moni wa dzanja, chifukwa saloledwa kukhudzana ndi mkazi, ndipo achemwali anu muwauziretu kuti asadzaganize kuti iye akunyada. Sadya dzuwa likapendeka, ndiye chambo chanucho chipse 11 koloko isanakwane. Ngati bambo avomera kukhala pakhonde, mbale ya nsima muwapatse iwo kuti amupatsire okha mwana wawo.