Ndalama zimene sukulu inadula pa malipiro anu zili ku ZIMRA

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene amakhoma mipando ku Glen View Area 8 mu Harare. Akuti anapangira sukulu ina madesiki a madola 2,000 a ku America, koma polipira, sukuluyo inangowapatsa madola 1,400, n'kunena kuti ndalama zotsalazo zapita ku msonkho chifukwa iwo alibe tax clearance, chikalata chosonyeza kuti za msonkho wa munthu zili m'malo. Akufunsa ngati sanaberedwe, ndiponso ngati munthu amene makolo ake anachokera ku Malawi, ndipo chitupa chake chikadali cholembedwa kuti "alien", angathe kulembetsa msonkho popanda kudziputira mavuto.

Bambo, ngati sukuluyo inaperekadi ndalamazo ku Zimbabwe Revenue Authority (ZIMRA), bungwe lotolera misonkho, simunaberedwe. Lamulo la msonkho limalamula boma, mabungwe a boma ndi aliyense wolembetsedwa ku ZIMRA kuti, akamalipira munthu amene wawagulitsa katundu kapena kuwagwirira ntchito ndipo malipirowo afika madola 1,000 pa chaka, ayambe aona chikalata chotchedwa ITF 263, chomwe ndi tax clearance ija. Chikalatacho chikasowa, wolipirayo ayenera kudula 30 peresenti n'kuitumiza ku ZIMRA, ndipo akapanda kutero ngongoleyo imagwera iyeyo. Kale ankadula 10 peresenti, koma kuyambira mu Januwale 2022 anaikweza, n'chifukwa chake ambiri amene ankangopirira tsopano akulira.

Chimene chimapweteka n'chakuti 30 peresentiyo amaidula pa ndalama zonse za pa invoisi, osati pa phindu lanu. Tiyerekeze kuti matabwa, misomali, guluu, vanishi, malipiro a anyamata ndi galimoto yonyamulira madesiki zinakudyerani madola 1,300. Phindu lanu lenileni linali madola 700, ndipo pa amenewo munthu wolembetsedwa akanalipira 25 peresenti, kuphatikizapo AIDS levy ya 3 peresenti ya msonkhowo, zomwe zikungopitirira pang'ono madola 180. Inu mwadulidwa 600, ndipo mwatsala ndi madola 100 okha pamwamba pa mpamba wanu. Kalipentala amene akudulidwa chotere pa oda iliyonse sachedwa kuyamba kudya mpamba.

Ndalama zimenezi sizinatayike, chifukwa lamulo limazitenga ngati msonkho umene mwalipiriratu, ndipo zimachotsedwa pa msonkho wanu wa chaka chimenecho. Koma ZIMRA singachotsere munthu amene sikumudziwa. Choncho pitani kwa msungichuma wa sukuluyo mukapemphe chikalata chosonyeza kuti anadula zingati ndiponso tsiku limene anadula, popeza wodulayo ali ndi udindo wokupatsani umboni umenewo. Akayamba kuzembazemba, pamenepo m'pamene muyenera kukayikira.

Kulembetsa kumachitika pa intaneti, pa TaRMS, njira imene ZIMRA inayambitsa mu 2023, ndipo mumapatsidwa nambala yotchedwa TIN, imene inalowa m'malo mwa BP number yakale. Mudzafunika chitupa, umboni wa kumene mumakhala ndi akaunti ya ku banki imene misonkho yanu izidzera. Ngati za makompyuta zimakuvutani, maofesi a ZIMRA ku Kurima House mu tauni amathandiza anthu, ndipo ndi bwino kupita nokha kusiyana ndi kupatsa pasiwedi yanu anyamata oima pakhomo amene amalonjeza chikalata cha tsiku lomwelo. Ogula akuluakulu amatha kufufuza ngati ITF 263 ndi yeniyeni.

Za chitupa musade nkhawa. Msonkho wa m'dziko muno umayang'ana kumene ndalama zapezedwa, osati kumene agogo anu anabadwira, ndipo madesiki okhomedwa ku Glen View ndi ndalama za mu Zimbabwe. Komanso malamulo aakulu a dziko a 2013 amati munthu wobadwira kuno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo mwini wakeyo ankakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa, kotero chitupacho mungathe kukachisintha ku ofesi ya Registrar General.

Sindikubisirani kuti kulembetsa kuli ndi katundu wake. Chikalata cha ITF 263 chimaperekedwa kwa amene mafomu ake onse ali m'malo ndipo alibe ngongole, ndipo chimatha nthawi, n'kufunika kuchitenganso. Msonkho wa bizinesi umalipidwa kanayi pa chaka, motengera phindu limene mukuyembekezera: 10 peresenti ya msonkhowo pa 25 Malichi, 25 peresenti pa 25 Juni, 30 peresenti pa 25 Seputembala ndi 35 peresenti pa 20 Disembala. Mtundu wa ndalama imene mwalandira, kaya madola kaya ZiG (ndalama ya dziko lino), umakhudzanso kalipiridwe ka msonkhowu, choncho m'buku lanu ziwirizi zisasakanizike. Za VAT sizikukukhudzani mpaka malonda anu atafika madola 25,000 pa miyezi 12, malire amene anatsitsidwa kuchoka pa 40,000 mu Januwale 2024.

Pa zonsezi, chimene chimagwetsa amisiri ambiri ndi mabuku. Lamulo limafuna kuti zolemba za bizinesi zisungidwe zaka 6, ndiponso zikhale m'Chingelezi, ngakhale ambirife timalemba m'kope mosakaniza Chichewa ndi Chishona. Matabwa ogulidwa ku Mbare popanda lisiti ndi ndalama imene simungaichotse pa phindu, ndiye kuti mudzalipira msonkho pa ndalama imene simunaidye. Ngati mwakhala mukugulitsa zaka zingapo osalembetsa, kaonaneni ndi akauntanti wovomerezeka musanatumize fomu yoyamba, chifukwa ZIMRA ili ndi mphamvu yofunsa za zaka za m'mbuyozo.