Akati nyumba ikufunika "rewiring", akutanthauza chiyani?

Mayi wina wandilembera imelo. Akufuna kugula nyumba yakale, ndipo katswiri amene anakaiyendera walemba kuti "the house needs rewiring". Akufunsa ngati kumeneku n'kungosintha mababu ndi maswitchi.

Ayi mayi, ndipo funso lanuli landifika pamtima. Ndinakhalapo m'nyumba ya lendi momwe soketi inkatentha ukangolumikiza ayironi, chipinda chonse n'kumanunkha labala wopsa. Titadandaula, mwini nyumba anatuma munthu amene anachotsa masoketi akale, kuika atsopano oyera mbee, n'kulemba pa lisiti kuti "rewired". Fungo lija silinathe. Wamagetsi wina amene tinamuitana tokha anakwera m'siling'i n'kutsika ndi chidutswa cha waya. Atachipinda pang'ono, labala wake anangoyoyoka ngati dothi louma, mkuwa n'kutsala pamtunda. Tinkagona pansi pa zimenezo ndi ana.

Kwa ine, wolemba "rewired" atangosintha masoketi akunama bodza loika miyoyo ya anthu pachiswe. Waya amakalamba m'kati mwa khoma momwe diso silifika. Labala wokutira mawaya akale amauma n'kusweka, n'chifukwa chake anayamba kukutira ndi pulasitiki wotchedwa PVC. Ku America, mkuwa utakwera mtengo, nyumba zambiri zomangidwa pakati pa 1965 ndi 1973 zinaikidwa mawaya a aluminiyamu, omwe amakhwefuka polumikizira n'kumatentha. Nyumba yoteroyo uipente bwanji, vuto likadali pomwepo.

Masiku ano mumvanso anthu akuti "rewire your brain", kunena kusintha kaganizidwe ndi zizolowezi. Mwina n'zimene zikuchititsa kuti mawuwa azimveka opepuka, chonsecho pa nyumba ndi ntchito yoboola makoma ndi kukhala masiku opanda magetsi.

Tanthauzo lake

"Wire" ndi kuika mawaya, "re" wakumayambiriroyo akuti kuchitanso. Choncho "rewire" ndi kusolola mawaya akale n'kuika atsopano, kaya m'nyumba, m'galimoto kapena mu nyale. Zikachitika kale mumati "rewired". Ngati munalemba munthu ganyu, nenani "I had the house rewired", chifukwa "I rewired the house" ndiye kuti munagwira nokha.

Musanasaine chilichonse mayi, pezani wamagetsi wachiphaso akulembereni mawaya amene asinthidwe ndi mtengo wake, ndipo mtengowo mukambirane ndi wogulitsa kuti auchotsere pa ndalama ya nyumba.